Nyongolotsi za Mbewa Zimafika ndi kwa Osadya Mbewa

Chimanga chikalowa m'nkhokwe ku Lione, kum'mwera kwa mzinda wa Lichinga, nyengo ya mbewa imakhala yafika. Anyamata amatenga makasu kukakumba mauna m'minda, monga achitira anzawo kutsidya kwa malire, ku Malawi. Koma m'derali alipo anthu ambiri, makamaka Asilamu, amene mbewa sadya n'komwe. Ambiri mwa iwo amaganiza kuti matenda a mbewa sawakhudza. Maganizo amenewa ndi olakwika.

Mbewa ndi makoswe zimasunga nyongolotsi zamitundumitundu m'matumbo, m'chiwindi ndi m'mapapo. Imodzi mwa izo, imene akatswiri amaitcha Hymenolepis diminuta, ndi yaphanthiphanthi ngati lamba ndipo imapezeka pafupifupi padziko lonse. Mazira ake amatuluka ndi zitosi za khoswe. Tizilombo tofumbutsa ufa ndi chimanga timadya mazirawo, ndipo munthu akameza kachilomboko m'chakudya chosaphika, nyongolotsi imakulira m'mimba mwake. Ana ndi amene amagwidwa kawirikawiri.

Mbewa yotchedwa kapuku ndiyo imalumikiza tchire ndi mudzi. Imapezeka m'maiko ambiri a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo chakudya chikatha kumunda imasamukira kunkhokwe. Malire a Moçambique ndi Malawi siiwadziwa.

Nyongolotsi zina zimayenda mtunda wautali kuposa pamenepo. Ija ya m'mapapo a makoswe inadziwika koyamba mumzinda wa Canton, ku China, m'chaka cha 1935. Makoswe okwera zombo anaifalitsa m'maiko ambiri, ndipo pofika 2011 inali itapezeka mu makoswe a ku Durban, ku South Africa. Imeneyi imadzera mu nkhono. Munthu akadya ndiwo zamasamba zosatsuka zimene zili ndi kankhono, imatha kukafika kubongo.

Alenje a mbewa amadziwa timatuza toyera timene nthawi zina timaoneka pachiwindi akamatumbula. Kawirikawiri m'menemo mumakhala mwana wa nyongolotsi imene imakulira m'mimba mwa mphaka. Matumbo otere asaponyeredwe amphaka kapena agalu, koma akwiriridwe.

Moto umapha nyongolotsi ndi mazira ake. Mbewa yowiritsidwa bwino ndi mchere, n'kuumitsidwa pamoto, siopsa ngati manja amene anaitumbula n'kukagwira nsima osasamba ndi sopo.

Chitetezo chenicheni chili pakhomo. Nkhokwe ikhale pa miyendo yaitali yokulungidwa ndi malata kuti khoswe asakwere. Ufa usungidwe m'chotengera chovundikira, ndipo usefedwe usanaphikidwe. Chimanga chokhala ndi zitosi chipetedwe ndi kutsukidwa chisanapite kuchigayo.

Mwana akamadandaula m'mimba, kutsekula pafupipafupi ndi kuwonda, makolo apite naye kuchipatala. Mankhwala a praziquantel, omwe aja a likodzo, amaphanso nyongolotsi zangati lamba zimenezi.