Hadi disiki ndi SSD: ikafa pa Chisi, iti imasiya chopulumutsa?

Laputopu imene ikugwira ntchito pachilumba cha Chisi inaoloka nyanja ya Chilwa kuti ifikeko. Isanakwere bwato padoko la Kachulu, inayamba yagwedezeka pamsewu wochokera mumzinda wa Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Nthawi zambiri imakhalanso itatumikira kale munthu wina kunja kwa dziko lino kwa zaka zingapo, poti ambirife timagula za kaunjika. Mphunzitsi amasungamo malikisi a ana, mlangizi wa zaumoyo malipoti ake, mnyamata wobena nyimbo mpamba wake wonse. Pogula, onsewa amafunsa za batire ndi sikirini. Ndi ochepa amene amafunsa kuti mkatimo mafayilo akukhala pa chiyani, pa hadi disiki yozungulira ija kapena pa SSD. Chonsecho tsiku limene makinawo adzakane kuyaka, yankho la funso limeneli ndi limene lidzagamule ngati mwini wake adzaionenso ntchito yake.

Hadi disiki ndi makina oyenda. Mkati mwake muli mbale zosalala zokutidwa ndi maginito, zimene m'malaputopu ambiri zimazungulira ka 5,400 pamphindi imodzi. Pamwamba pa mbalezo pamayandama kamutu kowerenga ndi kulemba, pampata wochepa zedi woti ngakhale kafumbi sikangadutsepo. Kampani ya IBM ndi imene inayamba kugulitsa makina otere mu 1956, ali ndi mbale zikuluzikulu 50 koma osunga zosapitirira 5 MB, zimene lero zingathe ndi zithunzi ziwiri za pafoni. SSD ilibe choyenda chilichonse. Imasunga zinthu potsekera timphamvu ta magetsi m'tizipinda tosaoneka ndi maso, ndipo pali kachipangizo kamodzi kolamulira kamene kamadziwa kuti chakuti chili pakuti. Memore khadi ndi fulashi ndi abale ake.

Pa nkhani yopirira ulendo, SSD ilibe mnzake. Laputopu ya hadi disiki ikagwa pabenchi ikuyaka, kamutu kaja kamagunda mbale n'kuikanda, ndipo pokandikapo mafayilo apita. SSD igwe, igwedezeke pa njinga yamoto, iombedwe ndi mafunde a mwera m'bwato, imangogwirabe ntchito. Imadyanso moto pang'ono, zimene n'zofunika kwa munthu wodalira sola. Wina atandifunsa choti aike m'laputopu yogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku pachilumbachi, sindingazengereze kunena kuti SSD.

Koma kafedwe kake n'kosiyana, ndipo apa ndi pamene disiki yakale ija imandikoka mtima. Hadi disiki nthawi zambiri imadwala isanafe. Kompyuta imayamba kuchedwa kuyaka, fayilo ina ikukana kutseguka, nyimbo ikudukiza pakati, kenaka mkati mukumveka kugogoda kobwerezabwereza. Pulogalamu yaulere ngati CrystalDiskInfo imawerenga zimene disikiyo imalemba yokha za thanzi lake n'kuonetsa chenjezo lachikasu malo owonongeka akayamba kuchuluka. Munthu watcheru amakhala ndi masiku, mwina masabata, oti asamutse zake. SSD kawirikawiri siitsanzika. Madzulo inali bwinobwino, m'mawa kompyuta ikuti mulibe disiki. Zina zimachita chifundo chomaliza pokana kulemba zatsopano koma n'kumalolabe kuwerenga zakale. Mukaona zimenezo, koperani zonse tsiku lomwelo.

Kompyuta ikakana kuyaka, si nthawi zonse pamene wolakwa amakhala disiki. Tchaja chimafa, inveta imapereka moto wosakwanira, RAM imasuntha pamalo pake chifukwa cha mabampu. Njira yodziwira ndi yosavuta: kumasula disikiyo, kuiika m'kabokosi ka USB kamene kamapezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo za makompyuta, n'kuilumikiza ku kompyuta ina. Ikakhala hadi disiki, iyandikizeni kukhutu. Ikamazungulira mwa phee n'kuonekera pa kompyuta inayo, chiyembekezo chilipo chachikulu. Ikamagogoda kapena kulira ngati ikukhuta chitsulo, izimitseni pomwepo, chifukwa mphindi iliyonse imene ikuzungulira, kamutu kowonongekako kakupalabe mbale. Ikangoti zii osazungulira, vuto lingakhale pa kabolodi ka kunsi kwake, ndipo mbale zili bwinobwino. SSD simungaimve ndi khutu. Imaoneka kapena siioneka, basi.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zimene zimachitika disiki yodwala ikafika pa tebulo la wokonza wachangu. Mawu ake amadziwika: "Bwana, iyi tingoifomata, tiikemo Windows watsopano." Kompyuta imayakadi, mwini wake amalipira akusekerera, kenaka n'kufunsa za zithunzi za ukwati wake. Wokonza wodziwa ntchito amayamba wafunsa kuti, "Muli chiyani chimene simungachipezenso kwina?" Akatero amakopera disiki yonseyo pa disiki ina yabwino, pogwiritsa ntchito pulogalamu ngati ddrescue, imene imayamba yatenga malo osavuta kuwerenga n'kubwerera pa malo ovutawo pambuyo pake. Kusaka mafayilo kumachitikira pa kope limenelo, yodwalayo ili pambali. Mapulogalamu a TestDisk ndi PhotoRec, amene analemba Christophe Grenier wa ku France, ndi aulere ndipo amagwira ntchito popanda intaneti: woyambayo amabwezeretsa magawo a disiki amene asowa, winayo amatola zithunzi ndi zikalata chimodzichimodzi, ngakhale mayina ake amabwera atasintha. Zopulumutsidwazo siziyenera kulembedwa pa disiki yomwe zikuchokerayo.

Izi zimatheka chifukwa cha khalidwe lina la hadi disiki. Mukafufuta fayilo, iyo imangochita ngati mfumu imene yafufuta dzina la munthu m'kaundula wa mudzi, munthuyo akadali m'nyumba mwake. Amachoka pokhapokha wina akapatsidwa malowo. N'chifukwa chake fayilo yofufutidwa mwangozi, ngakhale disiki yofomatidwa mwachangu, imatha kubwerera malinga ngati simunalembepo zina. Pa SSD zimenezi n'zosowa. Kuyambira pa Windows 7, amene anatuluka mu 2009, kompyuta imauza SSD kudzera mu lamulo lotchedwa TRIM kuti malo akutiakuti sakufunikanso, ndipo iyo imawasesa yokha mosachedwa kuti ikhalebe yachangu. Mukamadzazindikira kulakwitsa kwanu, palibenso chotola.

Disiki yogogoda si ya kukonzera pakhomo. Pali malangizo amene amayenda pakamwa, akuti iikeni m'firiji usiku wonse, ena akuti imenyeni pang'ono, ena akuti tsegulani muwongole kamutuko ndi chala. Onsewa amapha chimene chikanapulumuka. Akatswiri amaitsegulira m'chipinda chosefedwa mpweya n'kusintha kamutu ndi kena kochokera m'disiki ina yofanana nayo ndendende. Ena amene amafuna thandizo lotere amatumiza disiki ku South Africa, ndipo mtengo wake umatha kuposa wa laputopu yeniyeniyo. Komabe njirayo ilipo, ndipo mbale zimapirira modabwitsa. Chombo cha m'mlengalenga cha Columbia chitasweka mu 2003, hadi disiki yopsa imene inatoledwa pa zotsalira zake inapita kwa akatswiri a Kroll Ontrack, amene anapulumutsa pafupifupi zonse za kafukufuku amene anali m'menemo. SSD ikafa kachipangizo kolamulira kaja, nkhani imavuta koposa. Fayilo imodzi imakhala itamwazidwa m'tizipinda tosiyanasiyana mwa dongosolo lodziwa kachipangizoko kokha, nthawi zinanso itabisidwa ndi manambala achinsinsi. Ndipo m'malaputopu ena opyapyala SSD anaiwotcherera pa bolodi, moti simungaimasule n'komwe kuti muiyese kwina.

Madzi a Chilwa ali ndi mbali yake pa nkhaniyi. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi ake ndi amchere, ndipo mchere ukaumira pa tizitsulo ta magetsi umatidya. Chikwama chikagwera m'madzi pa ulendo wa ku Kachulu, choyamba n'kuchotsa batire ngati imachoka, osayesa kuyatsa kuti muone ngati ikugwirabe. Apa SSD ndi memore khadi zimapambana: zikatsukidwa ndi madzi oyera kuti mchere uchoke n'kuumitsidwa bwino pamthunzi, kawirikawiri zimadzuka. Hadi disiki ili ndi kabowo kopumira, ndipo madzi akalowa n'kuumira mkati amasiya litsiro pa mbale. Ngati muli zofunika kwambiri, ndi bwino kuitsekera m'pepala la pulasitiki ikadali yonyowa n'kuithamangitsira kwa akatswiri kusiyana n'kuiyanika padzuwa.

Pa kusunga kwa nthawi yaitali zinthu zimatembenukanso. Anthu a m'mbali mwa Chilwa amadziwa kuti nyanjayi imaphwa, monga inachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo ikatero asodzi ndi amalonda amasamukira kwina, katundu n'kutsala m'mabokosi. SSD kapena fulashi yokhala zaka osalandira moto, makamaka m'nyumba yamalata yotentha, imataya pang'onopang'ono timphamvu tija, mafayilo n'kuyamba kuwonongeka. Maginito a hadi disiki amagwira nthawi yaitali kuposa pamenepo, ngakhale injini yake imafuna kuzungulitsidwa mwa apo ndi apo.

Poona zonsezi, ine ndimaona kuti ziwirizi zimafunana. SSD ikhale m'laputopu, ipirire mabampu ndi mafunde. Hadi disiki yakale imene yachotsedwamo, ngati ikadali yathanzi, musaisiye kwa wokonza. Ilowe m'kabokosi ka USB, izilandira kope la zonse kamodzi pamwezi, ndipo isamagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Zomba ikudziwa kuwawa kosunga zonse pansi pa denga limodzi: mu 1919 moto unatentha maofesi a Secretariat, ndipo zikalata zambiri za boma za zaka zoyambirira za utsamunda zinapsera momwemo. Kwa wa pa Chisi, malo achiwiri angakhale kwa m'bale kutsidya, kapena pa Google Drive pa zikalata zing'onozing'ono pamene netiweki ndi bandulo zalola.

Pali chinanso chimene ogula malaputopu atsopano a Windows 11 ayenera kuchidziwa. Ambiri mwa makinawa amatseka okha mafayilo ndi BitLocker, mwini wake osadziwa. Bolodi ikapsa, disiki yabwinobwino imene mwaimasula imakana kutseguka pa kompyuta ina mpaka mutalemba kiyi ya manambala 48, ndipo popanda kiyiyo ngakhale akatswiri a ku Johannesburg sangathandize. Kiyiyo imapezeka mu akaunti ya Microsoft imene inagwiritsidwa ntchito potsegula laputopuyo koyamba, imene nthawi zina imakhala ya wogulitsa osati ya wogula. Ifufuzeni makinawo akadali amoyo, muilembe ndi bolopeni m'kope limene mumasungamo ziphaso.