MAKANEMA AKALE A ZIWANDA: MPHAMVU YAO INALI M'KUBISA

Pakati pa caka ca 1957 ndi 1977, ku Britain ndi ku America kunapangidwa makanema onena za ziwanda ndi opembedza Satana, amene anthu akali kuwaonerera kufikira lero lino. Akatswiri amene anawakonza anazindikira kuti munthu amaopa koposa cinthu cimene maso ake sanacione.

Citsanzo cabwino ndico Rosemary's Baby ya mu 1968, imene anaitsogolera a Roman Polanski. Mai wina wapakati mu mzinda wa New York ayamba kukaikira anansi ake, nkhalamba zooneka zacifundo zimene zimubweretsera cakumwa tsiku ndi tsiku. Mwana atabadwa, nkhope yake siionetsedwa konse. Woonerera angoona mantha pankhope ya amake, zotsalazo adzipangira yekha mumtima.

Mu The Exorcist ya mu 1973, a William Friedkin sanafulumire. Mtsikana wodwalayo ayamba wapimidwa ndi madokotala, ndipo onse atalephera m'pamene amake apita kwa wansembe. Nayo The Omen ya mu 1976 inadalira kwambiri nyimbo zoopsa, zimene zinapatsa a Jerry Goldsmith mphoto ya Oscar.

Kufooka kwa makanemawa kunali kuonekera pamene ciwanda cabwera poyera. Pokonza Night of the Demon mu 1957, a Jacques Tourneur, monga ananenera iwo eni pambuyo pake, sanafune kuti cirombo cionekere. Koma a Hal E. Chester, amene anali kuyang'anira nchito yonse, anacionetsa kuciyambi ndi kumapeto. Acinyamata a masiku ano sacedwa kuona kuti n'cidole cabe. Cimodzimodzinso kangaude wamkulu wa mu The Devil Rides Out ya mu 1968: aoneka kuti ndi kangaude wamba wokulitsidwa ndi kamera.

Colakwa cina n'cacikulu kuposa ca zidole. Exorcist II ya mu 1977 inaonetsa Africa monga dziko la dzombe ndi mizimu, ngati kuti anthu ake alibe moyo wina.

Lero makompyuta atha kujambula cirombo ciriconse mosabvuta. Komabe wofuna kuopsa anthu ayenera kuphunzira kwa akalewo, pakuti kacikuta ka mwana kokutidwa ndi nsaru yakuda kanacititsa anthu nthumanzi koposa cidole ca mano akuthwa.