Wansembe Amene Anasunga Zilombo ku Mua

Munthu wochokera ku Salima akamatsata msewu wa ku Balaka, nyanja ili kudzanja lamanzere, amapitirira Chipoka ndi Mtakataka, ndipo akapatukira kumapiri amafika pa Mishoni ya Mua. Ansembe a chipani cha White Fathers anaikhazikitsa m'chaka cha 1902. Aphunzitsi a mbiri akudziwa kuti pamalo amenewa panali udani waukulu pakati pa mpingo ndi gule wamkulu, makamaka m'zaka za m'ma 1920. Ansembe ankalimbirana anyamata ndi akuluakulu a kudambwe: awa akuti mwana apite kusukulu, awo akuti ayambe wameta.

Pamalo omwewo ndi pamene wansembe wina anadzasonkhanitsa zigoba za gule zoposa 400.

Bambo Claude Boucher anabadwira ku Montreal, m'dziko la Canada, m'chaka cha 1941, ndipo anafika kuno ku Malaŵi mu 1967. Luso lojambula zithunzi anabwera nalo, koma Chichewa ndi mwambo anaziphunzira kuno, pokhala pansi ndi akuluakulu pamaliro, pazinamwali ndi pabwalo la gule. Anthu anawapatsa mfunda wakuti Chisale, ndipo dzinalo linawakhala.

M'chaka cha 1976 anayambitsa malo a zaluso otchedwa Kungoni, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Poyamba inali ntchito yophunzitsa amuna a m'midzi yozungulira kusema ziboliboli kuti azipezako ndalama. Achinyamata amene mwatsiriza sukulu ndipo ntchito ya muofesi siikuoneka, taimani pamenepa pang'ono. Anthu amene anayamba ndi sompho ndi chipika anasema zinthu zimene zinakafika ku Vatican ndi ku Munich, m'dziko la Germany. Yesu wa m'zosema zawo ndi Mwafirika, ndipo Mariya ndi mayi wonga amene timakumana naye pachitsime.

Pambuyo pake anamanga nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare. Dzinali ndi la mmishonale wa ku France, Jean-Baptiste Champmartin, amene anthu a ku Mua, polephera kulitchula, anangoliwongola kuti ligwirizane ndi lilime lawo. M'zipinda zake zitatu muli mbiri ya mishoniyo ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira pa kubadwa kwa munthu mpaka pa maliro ake.

Ntchito yotere siikanakondweretsa onse. Mkhristu wina angafunse kuti wansembe akufunanji ndi Chadzunda. Wa kudambwe nayenso angadandaule kuti zinthu zimene mwana wosameta sayenera kuziyandikira zaikidwa poyera, pamaso pa mlendo aliyense wolipira pakhomo. Dandaulo lachiwirili ine sindilipeputsa. Chilombo chimene chapachikidwa m'nyumba, popanda ng'oma, fumbi ndi amayi oyimba, chatsala theka lokha.

Komabe tiyenera kukumbukira kuti gule amasintha ndi nyengo. Chilombo chimabadwa pofuna kudzudzula khalidwe lina loipa m'mudzi, chimavina zaka zingapo, kenaka chimaiwalika pamodzi ndi nyimbo yake. Nthenga ndi sanza zimaola, chiswe chimadya mtengo. Apa ndi pamene Bambo Chisale anaposa wongotolera zinthu zakale, pakuti ankafunsa dzina la chilombo chilichonse, nyimbo yake ndi mwambo umene chimaphunzitsa, nkuzilemba. Bungwe la UNESCO litalengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, iwo anali atagwira kale ntchitoyi zaka zambirimbiri. Mu 2012 anatulutsa buku lalikulu lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance. Chodandaulitsa nchakuti bukulo lili m'Chingerezi, chilankhulo chimene ambiri mwa agogo amene anawafotokozera zinthuzi sankachiwerenga.