Mwana Wosamvera wa ku Baltimore

Mwezi uno tikusimbirani za mwana amene makolo ake anamlephera. George Herman Ruth, wotchedwa Babe Ruth, anabadwa mu 1895 ku Baltimore, m'dziko la Amereka. Mu 1902, Misoni yathu ya Nzama ili ndi chaka chimodzi chokha, anampereka kwa Abulazala a sukulu ya St. Mary's, pakuti anali wosamvera ndi woyendayenda m'misewu. Kumeneko anaphunzira kusoka malaya, ndipo Bulazala Matthias anamphunzitsa baseball, ndiwo masewera omenya kampira ndi chibonga.

Mu 1920 analowa gulu la New York Yankees. Pamasewerawo kumenya kopambana ndi kwakuti kampira kagwe kutali, womenyayo nazungulira bwalo lonse osagwidwa. Iye anatero ka 60 mu 1927, ndi ka 714 kufikira pamene analeka mu 1935.

Chuma chinamzunguza mutu, nakonda mowa ndi madyaidya. Koma Bulazala uja sanamuiwale, anamgulira galimoto. Anamwalira mu 1948, namchitira Misa ya maliro ku New York.

Makolo inu, mwana wovuta musamtaye msanga: mfunireni mphunzitsi woleza mtima.