Asilikali a Keyala ndi a ku Poland: anaiwalika ndani?

Mlendo wina wa ku Poland, amene anabwera kudzaona za ulimi kuno ku Dowa, anatiuza tili pamsika wa Dzoole kuti palibe asilikali amene anadyeredwa masuku pamutu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ngati a kwawo. Sindinamutsutse, pakuti anthu akewo anazunzikadi. Chimene chinandiwawa n'chakuti sankadziwa n'komwe kuti nthaka imene anapondayo inatumizanso ana ake ku nkhondo yomweyo.

Za a ku Poland zinalembedwa m'mabuku ambirimbiri. Dziko lawo litalandidwa mu 1939, anakamenya nkhondo pambali pa Angerezi. Oyendetsa ndege awo anateteza London mu 1940, ndipo pa 18 Meyi 1944 gulu la General Anders linalanda phiri la Monte Cassino ku Italy. Koma ku msonkhano wa ku Yalta mu 1945 maiko akuluakulu anasiya Poland m'manja mwa Stalin. Pa perete wa chipambano ku London, pa 8 Juni 1946, asilikaliwo sanagube nawo. General Maczek, amene anaombola mizinda ku Belgium ndi ku Netherlands, anathera kugulitsa mowa m'hotela ku Edinburgh. Ngakhale ife tinaona nawo pang'ono za mavutowa, chifukwa amayi ndi ana a ku Poland anasungidwa m'misasa ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa ndi ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, kungodumpha malire a Mchinji.

Nanga athu? Anyamata a Nyasaland analowa King's African Rifles, imene makolo ankangoti Keyala. Ena anapita mwa kufuna kwawo, pothawa msonkho ndi umphawi, ena analozedwa ndi mafumu amene boma linkawafinya kuti apereke anthu. Mu Julaye 1940 anaima pa Moyale, pamalire a Kenya ndi Ethiopia, kulimbana ndi Ataliyana ochuluka kuposa iwo, ndipo n'chifukwa chake malo a asilikali a ku Mzuzu amatchedwa Moyale mpaka lero. Mu Ogasiti chaka chomwecho anamenya pa Tug Argan ku Somaliland. Anafika ku Madagascar mu 1942. Mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, kuthamangitsa Ajapani m'mvula yosakata, m'matope ofika m'maondo, malungo akugwetsa anthu, mpaka kukafika kumtsinje wa Chindwin. Munthu wobadwira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, amene nyanja yathu yomwe anali asanaionepo, anawoloka nyanja yamchere kukafera mfumu imene sankaidziwa nkhope.

Tikayerekeza malipiro m'pamene mtima wanga umatentha. Angerezi anachita manyazi ndi zimene anachitira a ku Poland, moti mu 1947 anakhazikitsa lamulo lowalola kukhazikika ku Britain, ndi chithandizo cha maphunziro ndi ntchito. Msilikali wathu analandira chiyani? Pa ndalama yotsanzikira, mzungu wopanda udindo ankapatsidwa mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira, pamene wakuda wofanana naye ankapatsidwa mashilingi atatu ndi theka. Chipolopolo sichinkasankha khungu, koma cholembera cha kalaliki chinkasankha. Anabwerera kwawo kudzapeza bwanamkubwa akadali ku Zomba, DC akadali ku Dowa, ndi fodya wake akugulidwabe pamtengo woikidwa ndi ena.

Agogo anga aakazi ankasimba za mkulu wina wa m'mudzi mwathu amene anabwera ndi jekete la khaki, mamendulo ndi chifuwa chosapola. Ndalama yake yonse inathera pa njinga, nsalu za alongo ake ndi mbuzi ziwiri. Usiku ankadzidzimuka n'kuthawira m'munda, akufuula mawu a Chiswahili. Palibe dokotala anamuona. Koma amalume ake anamulozera munda, mbumba inamufululira mowa, amayi analuluta nthungululu tsiku lonse, ndipo pabwalo la milandu nyakwawa inkamupatsa mpando pafupi nayo, chifukwa munthu amene waona dziko mawu ake amalemera. Anyamata a mganda ankapita kwa iye kuti awaongole mizere ndi kaponyedwe ka phazi, pakuti guleyu anachokera ku perete wa asilikali. Mukaona lero anyamata a Dzoole atavala zoyera, masokosi ofika m'maondo, akuguba motsatira ng'oma, dziwani kuti mukuona chikumbutso cha Keyala chimene boma silinalipirepo kobiri.

Apa m'pamene ndimaima ndi kwathu. Ku Ulaya msilikali amalemekezedwa ndi mwala, ndipo kawirikawiri mwalawo umadza mochedwa: chipilala cha Maczek ku Edinburgh chinavundukulidwa mu 2018, mwini wake atamwalira kale mu 1994. Kwathu msilikali analandiridwa ndi anthu, akadali moyo. Wa ku Poland anapeza lamulo ndi denga, koma anakalambira kuchilendo, ambiri osaonanso manda a amayi awo. Wathu anamanidwa ndalama, koma anaikidwa pakati pa abale ake. Akuluakulu sananame kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Komabe pali chimodzi chimene a ku Poland anatiposa, ndipo n'chimene chimawapatsa mphamvu yolankhula molimba mtima kulikonse: sanalole kuti mayina atayike. Ife timavala duwa lofiira mu Novembala, akuluakulu a boma n'kukaika nkhata pachipilala cha ku Zomba kapena cha ku Area 18 ku Lilongwe, basi zatha. Funsani mwana wa sukulu ku Mponela kapena ku Madisi kuti m'mudzi mwake munachoka ndani kupita ku Burma, sakuyankhani. Okalambawo apita pafupifupi onse, koma ana awo alipo, ndipo mamendulo akadali m'masutikesi. Mafumu a kwa Dzoole, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ayende mudzi ndi mudzi, alembe dzina la msilikali aliyense, kumene anamenya ndi kumene anagona. Angerezi ali ndi ngongole kwa amuna amenewa, ndipo tisaleke kuwakumbutsa. Koma kulemba mayina ndi ngongole yathu, ndipo sitifunika chilolezo cha ku London kuti tiibweze.