LENDI YA MALO: NGONGOLE IMENE IMATSOGOLA POGULITSA MALO A LIZI

M'dera la Mfumu Kawinga m'boma la Machinga, monganso m'madera ena a ku Balaka, muli minda ikuluikulu imene anthu amaitchula kuti maesiteti. Yambiri mwa minda yotere m'dziko muno inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1980 chifukwa cha fodya wa bale. Lero zigafa za ina mwa iyo zinagwa kalekale, ndipo eni ake, kapena ana a eni ake, akaganiza zogulitsa amadzidzimuka pomva kuti Boma likufuna ndalama zake poyamba. Ndalama zimenezi ndi lendi ya malo, ndipo munthu asanaimalize, dzina la pa chikalata cha lizi silisinthidwa.

Lamulo la Malo la chaka cha 1965 linagaŵa malo a m'Malaŵi m'magulu atatu: malo a Boma, malo oyang'aniridwa ndi mafumu, ndi malo a munthu payekha. Malo a lizi anaŵerengedwa m'gulu lachitatuli, komabe mwini lizi ndi wobwereka chabe. Boma limam'patsa malowo kwa zaka zoŵerengeka, kaŵirikaŵiri zaka 21 ngati ndi munda, kapena zaka 99 ngati ndi puloti yomangapo nyumba m'tauni, ndipo iye amalonjeza kulipira lendi chaka ndi chaka. Malamulo atsopano a malo a chaka cha 2016 anasintha zinthu zambiri, koma lonjezo limeneli sanalichotse.

Nanga n'chifukwa chiyani ngongole ya lendi inachuluka chomwechi pa maesiteti? Yankho lili m'mbiri ya fodya. Chisanafike chaka cha 1990, mlimi wamba wa pa munda wa makolo sankaloledwa kulima fodya wa bale. Ankaloledwa ndi eni maesiteti okha. Motero mabanja ambiri anapita kwa mafumu ao, nasonkhanitsa minda, napempha lizi kuti naonso akagulitse fodya ku okushoni. Maesiteti amene anali pafupifupi 1,200 m'chaka cha 1979 anapitirira 14,000 pofika mu 1989. Lendi ya ambiri a iwo inkadulidwa ku okushoni komweko, mlimi asanalandire ndalama zake, kotero kuti ena sankadziŵa n'komwe kuti amalipira. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima bale, phindu la lizi linachepa. Eni maesiteti ambiri analeka kutumiza fodya m'dzina la esiteti, ndipo lendi inaleka kudulidwa. Koma m'mabuku a Unduna wa Malo chaka chilichonse chinkaŵerengedwabe. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo ngongole ya lendi ili chimodzimodzi.

Lendi ya munda imaŵerengedwa pa hekitala, ndipo Boma limaikweza nthaŵi ndi nthaŵi. Mongoyerekeza chabe, lendi itakhala K5,000 pa hekitala pa chaka, esiteti ya mahekitala 20 imene yakhala zaka 12 osalipira ingakhale ndi ngongole ya K1,200,000. Chiŵerengero chenicheni amachitulutsa ndi a ofesi ya malo, atafufuza nambala ya lizi ndi kuona mitengo ya zaka zonse zimene zinadumphidwa. Apa m'pamene malisiti akale, amene ambiri amawasiya kuti adyedwe ndi chiswe m'sutikesi, amasanduka chuma, pakuti chaka chimene munthu sangathe kusonyeza kuti analipira n'chapafupi kuchilipiranso.

Lendi ikamalizidwa, wogulitsa amapempha chilolezo cha Nduna ya Malo choti asamutsire liziyo kwa munthu wina, ndipo pempholi nalonso lili ndi mtengo wake. Amafunikanso chiphaso chochokera ku Malawi Revenue Authority chosonyeza kuti nkhani zake za msonkho zili m'malo, kuphatikizapo msonkho wa pa phindu limene wapeza pogulitsa. Ngati malowo ndi puloti ya m'tauni, monga ku Liwonde kapena ku Balaka, a khonsolo naonso amafuna misonkho yao yotsalira. Kenaka pali msonkho wa sitampa, umene kaŵirikaŵiri amalipira ndi wogula. Kale unali K3 pa K100 iliyonse ya mtengo wa malo, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010 Boma linautsitsa kufika pa K1.50. Pamwamba pa zonsezi pali malipiro a loya, ndalama zolembetsera chikalata, ndi za ulendo. Munthu wochokera ku Ntaja kapena ku Nayuchi sapita ku Blantyre kamodzi kokha nkhani n'kutha.

Chovuta kuposa ngongole yeniyeniyo ndi lizi yotha. Lizi ya zaka 21 imene inaperekedwa mu 1988 inatha mu 2009. Amene akugulitsa malo otere akugulitsa pepala lopanda mphamvu, kufikira atapempha lizi yatsopano, ndipo pempho limenelo silimveka ngongole yakale ikadalipo. Ndiponso malizi ambiri a nthaŵi imeneyo anaperekedwa potsatira mapu ojambula pamanja, malo osapimidwa bwino, kotero kuti pamafunika kulipira wopima malo. Wopimayo akafika, si zachilendo kupeza kuti mbali ina ya esiteti anthu a m'midzi yoyandikana analimamo kale chimanga ndi nandolo, ngakhale lendi imaŵerengedwa pa mahekitala onse olembedwa. Ngati mwini lizi anamwalira, ana ake sangasaine kanthu asanalandire makalata owapatsa mphamvu yoyendetsa chuma chamasiye, monga mwa lamulo la chaka cha 2011.

Anthu a ku Machinga nkhani ya kugula maesiteti amaidziŵa bwino. Pakati pa 2004 ndi 2011, chitukuko cha Kudzigulira Malo, chimene chinathandizidwa ndi World Bank, chinasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, kupita pa maesiteti ogulidwa ku Machinga ndi ku Mangochi, kenaka ku Balaka ndi ku Ntcheu. Banja lililonse linkapatsidwa thandizo la madola 1,050 a ku America ndi munda wa mahekitala pafupifupi aŵiri. Malo ogulidwawo ankayenera kukhala opanda mkangano ndi opanda ngongole, ndipo maguluwo anali ndi akatswiri owafufuzira zikalata. Munthu wogula payekha lero alibe womufufuzira. Ntchitoyo ndi yake.

Mwa chilungamo, ngongole ya lendi ndi ya wogulitsa, popeza ndiye anagwiritsa ntchito malowo zaka zonsezo. Koma nthaŵi zambiri wogulitsayo amakhala alibe ndalama, n'chifukwa chake akugulitsa. Choopsa n'chakuti wogula apereke mtengo wonse pamaso pa a mfumu ndi mboni, nayamba kulima, kenaka n'kumva ku ofesi kuti lizi singasamutsidwe, wogulitsa atadya kale ndalamazo. Pamenepo ngongole imagwera wogula, pakuti ndiye wofuna chikalata. Njira imene maloya amatsata ndi yoyamba afunsa ku ofesi ya malo kuchuluka kwa ngongole, kulemba m'chikalata cha mgwirizano kuti ndalama zimenezo zichotsedwe pa mtengo wa malo, kuzilipira ku Boma mwachindunji, ndi kusunga zotsalazo kufikira chilolezo cha Nduna chitatuluka.