Mano a agogo ndi matenda oiwalaiwala

Ife alangizi a zaumoyo tikamayendera mabanja m'midzi timafunsa zambiri. Timafunsa za chimbudzi, za neti ya udzudzu, za katemera wa ana, komanso ngati odwala akumwa mankhwala awo mwandondomeko. Koma tivomereze kuti si kawirikawiri pamene timauza munthu wamkulu kuti, "Agogo, tayasamulani tione m'kamwamo." Za mano timazikumbukira pokhapokha munthu akabwera atamanga tsaya ndi mpango, atachezera usiku wonse ndi ululu.

Pali agogo ena aakazi omwe timawayendera m'dera lathu. Kale ankalima okha ndipo nzimbe ndi chimanga chokazinga sankaziopa. Kenaka nkhama zawo zinayamba kutuluka magazi, mano anayamba kugwedera, n'kumaguluka limodzilimodzi. Palibe amene anadandaula, poti aliyense amati nkhalamba ndi momwe imakhalira. Tsiku lina mwana wawo anatiuza kuti mayi ake asokera pochokera kuchitsime, njira yomwe ayendamo zaka zonsezi, ndipo amafunsa kuti amuna awo abwera liti pamene bambowo anamwalira kalekale. Ena pamudzipo ayamba kale kunong'onezana za ufiti.

Agogowa si mfiti. Akudwala matenda a ubongo omwe madokotala amawatchula kuti dementia, ife timangoti matenda oiwalaiwala. Munthu amayamba ndi kuiwala zomwe zachitika posachedwa, kenaka amaiwala maina, njira, kaphikidwe, mpaka kusamba. Mtundu wake wofala kwambiri ndi wa Alzheimer. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 57 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse amakhala m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Choncho si matenda a azungu okha monga ena amaganizira.

Sitikunena kuti mano ndi amene anadwalitsa agogo athuwa. Koma akatswiri ofufuza m'maiko osiyanasiyana akhala akupeza mobwerezabwereza kuti anthu omwe m'kamwa mwawo muli matenda ndi amenenso amadwala kwambiri matenda oiwalaiwala akamakalamba.

Chiseyeye ndi bala lobisika

Tikadya, pamano pamatsala litsiro lomata lomwe mumaswana tizilombo tosaoneka ndi maso. Litsiroli likapanda kuchotsedwa limauma n'kukhala ngati mwala m'mphepete mwa nkhama, ndipo likafika pamenepo mswachi sungalichotse. Nkhama zimafiira, zimatupa, ndipo zimatuluka magazi munthu akamatsuka m'kamwa kapena akaluma chinangwa. Ichi ndi chiyambi cha chiseyeye, ndipo pa nthawiyi chimatha msanga munthu akayamba kutsuka bwino. Chikalekereredwa, nkhama zimalekana ndi dzino n'kusiya timatumba momwe mumadzaza mafinya, fupa logwira dzino limadyeka, m'kamwa mumanunkha, mapeto ake dzino limagwedera ngakhale lisanabooke. Chovuta n'chakuti nthawi zambiri sizipweteka. Munthu amatha zaka khumi kapena makumi awiri ali ndi bala m'kamwa osadziwa. Lipoti la WHO la 2022 linasonyeza kuti anthu akuluakulu pafupifupi 19 mwa 100 alionse padziko lonse ali ndi chiseyeye chachikulu.

Nanga bala la m'kamwa likugwirizana bwanji ndi ubongo? Nkhama zodwala zili ngati khomo losatseka. Munthu akamatafuna, tizilombo timalowa m'magazi, ndipo thupi limakhala pankhondo yosatha. Zinthu zomwe thupi limatulutsa polimbana ndi tizilomboti zimayenda ndi magazi n'kumaononga mitsempha pang'onopang'ono, kuphatikizapo ya muubongo. M'chaka cha 2019 gulu la ofufuza linalengeza kuti lapeza zizindikiro za kachilombo koyambitsa chiseyeye kotchedwa Porphyromonas gingivalis, pamodzi ndi poizoni wake, muubongo wa anthu omwe anamwalira ali ndi matenda a Alzheimer. Atapaka kachilomboka m'kamwa mwa mbewa, kanakapezeka muubongo wa mbewazo.

Ku Taiwan, ofufuza anaunika mabuku a zachipatala a anthu zikwizikwi ndipo mu 2017 anapeza kuti omwe anakhala ndi chiseyeye zaka 10 kapena kuposerapo anali ndi chiopsezo cha Alzheimer chokwera ndi pafupifupi 70 pa 100 poyerekeza ndi anzawo. Ku England, kafukufuku wa 2016 anatsatira anthu 59 omwe anali atayamba kale kudwala Alzheimer, ndipo m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, omwe anali ndi chiseyeye nzeru zawo zinatsika mofulumira kwambiri kuposa enawo.

Kutha kwa mano nakonso kuli ndi nkhani yake. Mu 2021 akatswiri a pa New York University anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 14 wokhudza anthu oposa 34,000. Anapeza kuti omwe anataya mano ambiri anali ndi chiopsezo cha matenda oiwalaiwala chokwera ndi 28 pa 100, ndipo dzino lililonse losowa limaonjezera chiopsezocho pang'ono. Chomwe chinatichititsa chidwi ife n'chakuti kwa anthu omwe anaikitsa mano opanga, kusiyanaku sikunaoneke kwenikweni. Izi n'zomveka kwa aliyense amene anaonapo mbale ya munthu wopanda mano. Nyama, mtedza, usipa ndi zipatso zolimba amazisiya, n'kutsala ndi phala, tiyi ndi nsima yoviika mumsuzi. Ubongo umafuna chakudya chakasinthasintha monga momwe thupi lonse limafunira. Tikuonanso kuti ena akatha mano amachita manyazi kuseka ndi kudya pagulu, amayamba kudzipatula, ndipo kukhala wekhawekha n'chimodzi mwa zinthu zodziwika kuti zimafooketsa ubongo.

Tisathamange kunena kuti mswachi ndi katemera

Pamenepa tiyenera kunena zoona zokhazokha. Kafukufukuyu akusonyeza kuti mavuto awiriwa amayendera limodzi, koma sanatsimikize kuti lina ndilo limabala linzake. Munthu amene wayamba kuiwala amaiwalanso kutsuka m'kamwa, choncho mwina nthawi zina ubongo ndi umene umayamba kudwala, mano n'kutsatira. Fodya, matenda a shuga ndi umphawi zimaononga nkhama ndi ubongo womwe. Kampani ina ya ku America inapanga mankhwala oletsa poizoni wa kachilombo tatchula kaja, koma atawayesa pa odwala Alzheimer, zotsatira za mu 2021 sizinasonyeze phindu lomwe ankayembekezera. Ndipo gulu la akatswiri la Lancet Commission, lomwe mu 2024 linatchula zinthu 14 zomwe tikazisamala tingachepetse matenda oiwalaiwala, silinaikepo mano pamndandandawo. Linatchula zinthu monga kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa wambiri, kusamva ndi kusaona bwino.

Ngakhale zili choncho, ife maganizo athu ndi akuti palibe chifukwa chodikira. Mankhwala ochiziratu matenda oiwalaiwala kulibe, pamene chiseyeye chimapeweka ndi zinthu zotsika mtengo. Munthu wosamala m'kamwa palibe chomwe ataye.

Kwa anzathu omwe ali ndi kachilombo ka HIV nkhaniyi ndi yofunika koposa. Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma m'dziko muno mu 2004, ndipo ambiri omwe anayamba kumwa nthawi imeneyo lero ali ndi zidzukulu. Chitetezo cha mthupi chikatsika, m'kamwa ndi momwe mumayamba kusonyeza: zoyera pa lilime, zilonda, ndi chiseyeye chomwe chimatha kudya nkhama m'masabata ochepa. Mankhwala ena amaumitsa m'kamwa, pamene malovu ndi amene amatsuka ndi kuteteza mano. Kachilomboka pakokha kamathanso kufooketsa ubongo ngati munthu sakumwa mankhwala. Mukapita kukatenga ma ARV, uzani adokotala ngati nkhama zikutuluka magazi kapena ngati mwayamba kuiwalaiwala. Koma kusokonezeka kwa mutu kobwera mwadzidzidzi, pamodzi ndi litsipa, kutentha thupi kapena kuuma khosi, ndi nkhani ina. Wodwala wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Zotheka pakhomo

Tsukani m'kamwa kawiri patsiku, makamaka usiku musanagone, kwa mphindi ziwiri, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Mswachi uzifika pamene dzino lakumana ndi nkhama chifukwa ndi pamene litsiro limabisala. Mukatha lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi, kuti mankhwala atsale pamano. Ambiri akaona magazi amasiya kutsuka poganiza kuti mswachi ukuwavulaza. Ndi kulakwitsa kumeneko. Pitirizani mofatsa ndi mswachi wofewa, ndipo magazi akapanda kusiya pakatha masabata awiri, kaonaneni ndi achipatala. Kamtengo kotafuna kamathandiza ngati mswachi palibe, koma mchenga, makala ndi phulusa zimapala dzino. Osuta fodya asanyengeke poona kuti nkhama zawo sizituluka magazi, chifukwa fodya amabisa chizindikirochi pamene matenda akupitirira mkati.

Madokotala a mano ndi ochepa m'Malawi muno. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019 pa College of Medicine, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Komabe m'zipatala za m'maboma muli ogwira ntchito ya mano, ndipo ntchito yawo si kuzula kokha. Funsani ngati angakupaleni litsiro louma lija. Ngati akuuzani kuti dzino lavunda mpaka kufupa, musaliumirire. Kafukufuku wa ku Tohoku University ku Japan mu 2023 anapeza kuti mwa anthu a chiseyeye chachikulu, omwe anali ndi mano ambiri odwalawo mbali ya ubongo yosunga zokumbukira inkafota mofulumira.

Kwa inu amene mukusamalira agogo oiwalaiwala, musangowapatsa mswachi n'kuchokapo. Khalani nawo pansi, tengani mswachi wanu, muzitsuka iwo akuonerera, chifukwa nthawi zambiri manja amakumbukira zomwe mutu waiwala. Akalephera, gwirani dzanja lawo n'kumaliyendetsa pang'onopang'ono. Akakana musalimbane nawo, yesaninso nthawi ina atasangalala. Chakudya chikhale chofewa koma chopatsa thanzi: mazira, nyemba zopsa bwino, usipa wosinja, ndiwo zamasamba zotendera, papaya ndi nthochi.

Agogo athu aja nthawi ina anakana kudya masiku atatu, akungolira ndi kukankha mbale. Abale anaganiza kuti matenda a mutu akula. Titawanyengerera kuti ayasamule, tinapeza chitsa cha dzino chitatupa mafinya kumbuyo kwenikweni. Iwo sankatha kufotokoza pomwe pakupweteka. Anawatengera kuchipatala pa njinga ya kabaza, dzinolo linazulidwa, ndipo patatha masiku awiri anayambiranso kudya. Amuna awo amawafunsabe, koma tsopano mdzukulu wawo wamkulu ndi amene amawatsuka m'kamwa madzulo alionse akatha kudya.